Sipiriti Amene Anakana Kuyaka

Ntchito za tsikulo Millie anaziyala m'mutu mwake ngati mizere ya chinangwa. Zidebe zinayi za madzi kuchokera ku mjigo. Matewera kuchapa n'kuyanika m'khitchini, poti chiperoni chinali chitawaza masiku atatu osapumira. Kalongonda kumutaya madzi kachitatu n'kumutereka m'madzi atsopano. Nkhuku ziwiri kusosola. Bwalo kusesa, mabenchi kukabwereka kutchalitchi, mikeka kuyala pakhonde, mbaula kusonkha kuti alendo asafe ndi chisanu. Zolemera anazisiyira mwamuna wake Noel. Zotsalazo anazigwira yekha, mwana ali chimangire pachifuwa, mkati mwa bulauzi, thupi kukhudzana ndi thupi monga anamuphunzitsira kuchipatala.

Ntchito yomaliza sanafune kuti wina aikhudze. Anatenga kampando n'kukaika pakhomo penipeni pa nyumba, n'kuyalapo kansalu koyera. Pamwamba anaikapo thonje, sizasi yobwereka kwa telala, ndi botolo lalikulu la sipiriti, wapepo ngati duwa la mbatata. Botololi analigula ku Nkando milungu iwiri yapitayo n'kulibisa kuseri kwa thumba la chimanga kudikira tsikuli. Kabotolo kake ka masiku onse kanali katatsala timadontho ta pansi, ndipo kanali m'thumba la siketi. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana. Panaoneka ndithu ngati patebulo pa Sisita Ireen wa kuchipatala.

Linali tsiku lotulutsa mwana m'chikuta. Diana anabadwa wa miyezi isanu ndi iwiri, wolemera ngati paketi imodzi ndi theka ya shuga. Milungu inayi anaithera m'chipatala, ina itatu m'nyumba, ndipo kupatula make, bambo wake ndi manesi, panalibe amene anali atamunyamulapo. Lero abale ankabwera kudzamuona, kudzamulandizana m'manja, ndi kudzamumeta tsitsi lobadwa nalo.

Kuchipatalako n'kumene Millie anaphunzira za sipiriti. Sukulu anaisiyira mu Fomu 2 atatenga mimba yoyamba, koma mutu wake sanausiye m'kalasi. Sisita Ireen, namwino woyang'anira ana obadwa masiku asanakwane, anali mayi wamfupi wa mawu ngati belu la kuesiteti, ndipo m'mawa uliwonse ankaima pakati pa mabedi n'kunena zomwezomwezo.

"Manja anuwa ndi minibasi. Amanyamula aliyense panjira, kenako n'kukamutsitsa pa mwana. Sambani ndi sopo. Madzi akatalikira, kapena anthu akachuluka, sipiriti. Tikitani paliponse, m'mipata ya zala, kuzikhadabo, mpaka aume yekha. Osapukuta. Poumapo ndi pomwe akupha tizilombo. Pathupi la mwana asafike, n'lanthete. Pachilonda chotseguka osathira. M'kamwa akalowa, maso amazima."

Millie anamva kamodzi, n'kugwira. Pofika mlungu wachitatu anali iye amene ankaonetsa amayi obwera kumene katikitidwe ka manja. Tsiku lotuluka, Sisita Ireen anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena, "Iwe ukanakhala nesi, ukudziwa?" Mawu amenewo Millie anawamanga pamfundo ya chitenje n'kubwera nawo kumudzi.

Atafika anakhazikitsa lamulo: wofuna kukhudza mwana, sipiriti kaye. Noel anamvera. Anzake odzamuzonda anamvera, n'kuonera mwanayo patali. Munthu mmodzi yekha ndi amene anakana, ndipo anali mayi ake omubereka, a Marjory, amene khomo lawo linayang'anizana ndi lake.

Mayi Marjory anali a Mvano, a bulauzi yoyera, othyola tiyi kuesiteti. Koma akuluakulu onse a m'dera la Likhubula ankakumbukira kuti kale mayiwa ankatcheza kachasu, ndipo kachasu wawo ankamutsata anthu kuchokera kutsidya kwa mitsinje itatu. Ndi kachasu yemweyo analera Millie, ndipo ndi kachasu yemweyo amuna awo anatupa naye mimba mpaka kumwalira. Atachoka kumanda, mayi Marjory anaswa mbiya, n'kupinda paipi ndi mpini wa khasu, n'kulumbira pamaso pa amayi a mpingo kuti mowa sadzauphika, sadzaumwa, sadzaukhudza. Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitadutsa lumbirolo lili chiimire.

M'mawa umenewo anatulukira atanyamula nkhuni, n'kuima pafupi ndi kampando kaja.

"Ndasamba ndi sopo kawiri," anatero, akutambasula manja okakala ndi masamba a tiyi. "Taona wekha. Lero ndi lero, mdzukulu wanga ndimumeta ndine."

"Sipiriti kaye, amayi."

"Ndi mowa umenewo."

"Si mowa wakumwa. Ndi mankhwala."

"Mphuno yanga usaiphunzitse ntchito, iwe. Ndi mowa wovala yunifolomu."

"Ndiye ameta azakhali a bambo ake."

Mayi Marjory anaponya nkhuni zija pansi n'kukakhala kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mbaula, msana ali chowongokera.

Millie anatembenuka n'kuyamba kukonza kansalu kamene kanali kokonzeka kale. Mumtima ankadziwa chinthu chimene sanauzepo munthu: sopo ndi madzi oyenda zikanakwana. Sisita Ireen anatero yekha. Koma nthawi iliyonse akaona manja a mayi akewo, ankaona Ganizani.

Ganizani anali mwana wake woyamba. Anabadwira m'nyumba nthawi ya mvula, mtsinje utadzaza moti galimoto sikanaoloka. Mchombo anadula mayi Marjory, n'kupakapo mwaye wa padenga la khitchini monga anachitira ndi ana awo onse. Patsiku lachisanu ndi chimodzi mchombo unatupa n'kuyamba fungo. Patsiku lachisanu ndi chinayi anakamuika pansi pa mtengo wa mbawa. Zaka zitatu zinadutsa, mayi ndi mwana akudyera mbale imodzi, akulima munda umodzi, koma nkhani imeneyo panalibe anaitchulapo. Anthu ankamuitanabe kuti make Ganizani.

Alendo anayamba kufika dzuwa litakwera, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Phiri lonse linali litafunda mtambo, nsonga ya Chambe osaoneka n'komwe. Woyamba kulowa pabwalo anali amalume ake a Millie, a Morris, mlongo wawo wamng'ono wa mayi Marjory, munthu amene jekete lake linkalemera mbali imodzi nthawi zonse.

"Taonani, taonani!" anakuwa ataona botolo lija. "Mwana wa mlongo wanga watsegula shabini pakhomo! Thira m'kamwa muno, mphwanga, manja asamba okha."

"Amalume, ameneyu mukamwa lero, mawa tizikutsogolerani ndi ndodo. Bweretsani manja."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunathandiza. Amayi anandanda okha pamzere ngati kusikelo. Millie anatsegula botolo lalikulu lija, n'kumathira pang'onopang'ono m'chikhatho cha aliyense, akulangiza ndi mawu amene sanali ake okha.

"M'mipata ya zala. Kuzikhadabo. Osapukuta, dikirani aume."

"Eee, a Sisita!" anatero mayi wina. "Sukulu ya milungu inayi yokha, mwabwerako ndi satifiketi?"

Khosi la Millie linatalika. Iye amene anzake a m'kalasi ankamulambalala pamsika atavala mayunifolomu awo, lero akuluakulu a imvi ankamutambasulira manja n'kudikira kuti awauze chochita.

Kutsogolo kwa mzere kunali azakhali a Noel, mayi wamkulu thupi wogulitsa usipa ku Nkando. Anali atangotsika minibasi, ndipo chimfine chinali chitawagwira moti ankangopukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Ife tinabereka asanu ndi atatu popanda botolo," anatero, akutikita manja monyinyirika. "Ana a masiku ano amabadwa ndi malamulo."

Millie anawerenga chamumtima monga ankachitira kuchipatala. Makumi awiri. Makumi atatu. Manja a azakhali anali akadali chinyowere. Makumi anayi. Madzi anayenderera mpaka m'chigongono.

"Sakuuma izi," anatero azakhali. "Tikhala chitambasulire mpaka Khirisimasi?"

"Ndi chinyezi cha chiperonichi," anayankha Millie mofulumira. Kanthu kena kanamugwira kumtima, koma maso onse anali pa iye, ndipo ng'oma ikamalira bwino woimba safuna kumva kuti chikopa chang'ambika. Ananyowetsa thonje n'kupukuta sizasi, mbali iyi ndi inayo.

Amene anamaliza kutikita ankapita kumapeto kwa khonde kukapereka moni kwa mayi Marjory. Woyamba anawagwira dzanja, wachiwiri, wachitatu. Millie anaona mayi akewo akuyang'ana chikhatho chawo chonyowa ngati chapakidwa matope a m'khola. Anaganiza kuti adzuka kukasamba mokwiya. Koma mayi Marjory anachikweza chikhathocho pang'onopang'ono mpaka pamphuno. Ananunkhiza kamodzi. Ananunkhizanso.

Apa n'kuti Millie atayamba kumasula chitenje cha pachifuwa. Kamutu ka Diana kanatulukira, kachipewa kaubweya kali pendeke, ndipo amayi anayamba nthungululu. Azakhali anakhala pamkeka n'kutambasula mikono.

"Ima!"

Mawuwo anadula nthungululu pakati. Mayi Marjory anali ataimirira.

"Mbwezere mwanayo pachifuwa. Bweretsa botololo kuno."

Magazi anathamangira kumutu kwa Millie. Ndiye mpaka pamaso pa anthu? Anakumbatira mwana ndi dzanja limodzi, linalo n'kugwira botolo.

"Amayi, mukalitaya, mwanayu sanyamulidwa ndi munthu lero."

"Ndani wanena zotaya? Bweretsa. Ubweretsenso supuni. Ndipo uime patali ndi moto."

Munali kanthu m'mawu awo kamene Millie anali asanakamve kuyambira ali kamtsikana, nthawi imene mayi akewo ankalamula amuna khumi oledzera ndi chala chimodzi. Anapereka botolo. Wina anathamangira supuni.

Mayi Marjory anagwira botolo la mowa koyamba m'zaka khumi ndi chimodzi. Anzawo awiri a Mvano amene anali pabenchi anayang'anana. Mayi Marjory sanayang'ane munthu. Anadzaza supuni, n'kugwedeza mbaula ndi phazi kuti phulusa ligwe makala aoneke ofiira, kenako anawaza zam'supunizo pamoto ndi kadzanja kozolowera.

Moto unangoti tswii. Makala anada pamene panagwera madzi, ndipo kautsi koyera kanakwera.

"Kabotolo kako kakale kali kuti?"

Millie anakatulutsa m'thumba. Timadontho totsala tinangofika theka la supuni. Mayi Marjory anawaza. Lawi linati phuu, lobiriwira kunsi, kutalika mpaka m'bondo, ndipo amene anali pafupi anadzambatukira m'mbuyo.

"Uyu ndiye mwini dzina," anatero mayi Marjory. "Winayu ndi madzi a pa mjigo opaka utoto. Muli mowa pang'ono, inde, wongokwana kunamiza mphuno ya munthu wosadziwa. Wamphamvu amazizira pakhungu n'kuthawa. Uyu wangokhala m'manja ngati malovu. Ine ndinkayesa chonchi botolo lililonse lisanatuluke pakhomo panga."

Millie anayang'ana sizasi ili pakansalu koyera, sizasi imene dzulo lomweli inkadula nsalu za kaunjika ndi zikhadabo za telala. Anayang'ana manja a azakhali, amene njira yonse anagwira ndalama, zitseko za minibasi ndi mphuno yachimfine. Pakanangodutsa mphindi imodzi, manja amenewo akanamunyamula mwana.

"Wakuba ndi wasitolo," anatero a Morris. "Tiyeni ku Nkando tikamuonetse!"

"Chitsekerero chinali chomata pamene ndinkagula," anatero Millie pang'onopang'ono. "Lero potsegula sichinalire." Anatembenuka. "Bambo a Diana."

Noel anali ataima pakona ya nyumba, chidebe chili m'manja. Anali munthu wonyamula katundu wa alendo okwera phiri, wa mapewa otha kusenza matumba awiri kuchoka pa Likhubula mpaka pa Chambe osapuma. Koma tsopano ankaoneka ngati chidebe chopanda kanthucho chamulemera.

"Ndimati ndibwezera," anatero.

"Mubwezera chiyani?"

"Lachiwiri lapitalo. Alendo okwera phiri aja anali ndi kasitovu kawo kophikira khofi panjira, koyendera sipiriti. Wotsogolera gulu anandiimbira m'mamawa kuti sipiriti aiwala, masitolo sanatsegule, ndipo amene abwere naye ndi amene anyamule katundu. Tinali asanu olimbirana ulendo umodzi. Ndiye ndinapungula."

"Mochuluka bwanji?"

Noel analoza ndi chala pafupi ndi pansi pa botolo. "Panatsala apa. Ndinathira madzi kuti musadandaule. Koma anayera kwambiri, ndiye ndinadonthezamo jivi pang'ono, uja wopaka pazilonda. Mtundu unabwerera bwinobwino. Ndimayesa mankhwalawo ndi mtunduwo."

A Morris anaphulika kuseka mpaka kutsokomola. "Akamwini! Ndiye inu mukapaka mbuzi mawanga mumati mwagwira kambuku?"

Millie sanaseke. Anafuna kukuwa, anafuna kulira, anafuna kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Manyazi anamuyaka m'masaya: iye, Sisita wa pakhomo, wakhala akutsuka manja a anthu khumi ndi awiri ndi madzi a utoto, n'kumawawerengera ndi nthawi yomwe. Koma pachifuwa pake Diana anagwedezeka n'kutulutsa kamawu ngati ka mphaka, ndipo Millie anakumbukira kuti manyazi sapha mwana.

"Bambo a Diana, pezani kabaza. Ku Nkando, sitolo ya mankhwala yoyang'anana ndi pokwerera minibasi. Botolo lomata. Mudzalitsegulire pano, pamaso panga."

"Wa kabaza ndimulipira chiyani? Za ulendo uja tinagulira nkhukuzi."

"Thadzi lija lili m'khola."

"Loikira mazira lija?"

"Lomwelo."

Noel anaika chidebe pansi n'kuthamanga.

A Morris anapisa dzanja m'jekete, mbali yolemera ija, n'kutulutsa kabotolo kopanda chizindikiro. "Mukuvutikiranji? Mankhwala ali pompano. Uyu ndi mutu weniweni, woyamba kudontha. Amapha chilichonse, ine ndine mboni."

Mayi Marjory anamulanda osapempha, n'kudzaza supuni, n'kuwaza. Kalawi kanayesa kudzuka, kanagwada, kanazima.

"Mutu umenewu, iwe Morris? Uwu ndi mchira. Akukubera anthu. Nthawi yanga wotere ndinkatsukira mbiya."

"Ngakhale akanayaka mpaka kudenga, sindikanalola," anatero Millie. "Kachasu alibe muyezo. Lero ndi moto, mawa ndi madzi, ndipo mbiya yake sitikuidziwa."

Mayi Marjory anamuyang'ana cham'mbali. "Apo wanena zoona. Wanga yemwe, botolo loyamba ndi lakhumi sankafanana."

Aka kanali koyamba m'milungu itatu kuti agwirizane pa kanthu.

Millie anatulutsa sopo, jagi ndi beseni. Anauza aliyense kuti asambe mpaka m'zigongono, wina akumuthirira madzi, osaviika m'beseni. Sizasi anaiponya mumphika wa madzi owira. Kenako anagwada patsogolo pa azakhali, monga ayenera mkazi wa mwana wawo.

"Azakhali, pepani. Ndi chimfinecho, lero mumuonere pomwepo. Mukachira ndidzabwera naye ndekha ku Nkando."

"Ndakwera minibasi, ndasiya usipa wanga ndi anthu, kuti ndidzaonere patali ngati kanema?" Azakhali anadzuka, anakutumula chitenje, n'kuyamba ulendo. Amayi awiri a kuchimuna anawatsatira. Millie anawaperekeza ndi maso mpaka anakhota pa nthochi. Mtima unamupweteka, koma sanawaitane.

Atatembenuka anapeza mayi ake akusamba. Ankatsuka fungo la supuni ija, chala chimodzichimodzi, sopo akuchita thovu mpaka m'mikono. Millie anatenga jagi m'manja mwa amene ankawathirira, n'kuyamba kuthira yekha. Anayang'ana manja aja: ming'alu ya masamba a tiyi, chipsera chakale cha paipi yotentha, zikhadabo zowengedwa mpaka kumnofu. Anali atawenga dzulo, pokonzekera mdzukulu amene sankadziwa ngati amunyamula.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, kuti ena asamve. "Sopo akwana. Anesi anatero. Ndinkadziwa kuyambira tsiku lomwe ndinabwera."

Madzi anapitiriza kuyenda. Mayi Marjory sanadzutse mutu.

"Ndinkadziwa kuti ukudziwa," anatero. "Pakhoma la kusikelo pali chithunzi cha sopo, ndimachiona mwezi ndi mwezi. Kuwerenga sinditha, koma sindine wakhungu."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndikananena chiyani? Manja amene anapaka mwaye ndi omwewa." Anawatembenuza, zikhatho kumwamba. "Ndinkachita zimene anandichita amayi anga, ndipo inu nonse munakula. Koma uja sanakule. Ukuyesa ndimagona?"

Jagi inatha madzi. Millie anaima nayo chopendeketsa.

"Tengani mwana, amayi."

"Ayi. Ndidikira botolo."

"Koma lumbiro lanu?"

"Lumbiro ndalithyola kale ndi supuni ija, anzangawo aona. Ndinalumbira chifukwa mowa unanditengera munthu m'nyumba. Ngati womwewo ungandisungire wina, nkhaniyo ndikakamba ndi Mulungu ndekha. Iye anauona mtima wanga tsiku lija, auonanso lero." Anakutumula manja m'mwamba, osapukuta. "Komanso lamulo ukaliika pakhomo, lisamayambe kupindika pa mayi ako. Mawa Morris adzati nayenso ndi wachibale."

Anadikira maola awiri. Anthu anadya kalongonda ndi nkhuku mwambo usanachitike, zimene sizinachitikepo, ndipo a Morris anati mwana ameneyu adzakhala wa ndale, poti wadyetsa anthu asanamuone n'komwe. Chiperoni chinaleka. Mtambo unang'ambika pang'ono, thanthwe la Chambe n'kutulukira lonyowa, lonyezimira.

Kabaza anafika dzuwa litapendeka. Noel anatsika matope ali mpaka m'mawondo, n'kupereka botolo ndi manja awiri, osati kwa mkazi wake koma kwa apongozi ake. Mayi Marjory anapotokola chitsekerero, ndipo aliyense anamva chikulira kuti thee. Anadzaza supuni, anawaza. Lawi linalumpha mokondwa, ndipo nthungululu zinayamba zokha.

Kenako anachoka pamoto, n'kupereka botolo kwa mwana wawo, n'kutambasula zikhatho.

Millie anathira. Mayi Marjory anatsinzina fungo litawafika, milomo ikuyenda pang'ono, ngati akupemphera kapena akutsanzikana ndi winawake.

"M'mipata ya zala," anatero Millie.

"Ndamva kale, a Sisita. Milungu itatu ndakhala ndikumvera pakhonde."

Anatikita mpaka kuzikhadabo. Millie anawerenga chamumtima, ndipo asanafike makumi atatu manja aja anali gwa, ouma. Anapukuta sizasi ndi thonje, n'kudikira kuti nayonso iume. Kenako anamasula chitenje, n'kutulutsa Diana, n'kumuika m'manja mwa agogo ake.

Mayi Marjory anamulandira ngati dzira. Anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali. Anavula kachipewa, n'kudula katsitsi kamodzi kutsogolo, kena kumbuyo, sizasi osakhudza khungu, n'kubwezera kachipewa msanga chifukwa cha mphepo. Atatero anadzutsa mutu n'kuyang'ana mzere wa anthu odikira.

"Wotsatira, manja. Make Diana, thira. Ndipo iwe Morris ndikukuona, wakanda m'khutu. Kayambirenso."

Millie anamva dzinalo likulowa m'makutu n'kutsikira pansi penipeni. Make Diana. Anagwira botolo mwamphamvu, n'kuthira.

Alendo atabalalika, dzuwa likadali pamwamba pa minda ya tiyi, Millie anakhala pakhomo n'kuwerengera zimene tsikulo linadya. Thadzi loikira mazira linapita ndi wa kabaza. Nkhuni za mlungu wathunthu zinathera kuwiritsa madzi. Sopo watsopano anatsala kachidutswa ngati nyemba. Zidebe zinayi sizinakwane, Noel anakatunganso zitatu, ndipo tsopano ankatsuka miphika kuseri kwa nyumba popanda womutuma. Azakhali anapita osatsanzika, ndipo kuwabweza mtima kudzafuna ulendo wa ku Nkando ndi nkhuku ina imene kunalibe. Mayi Marjory Lachinayi adzayenera kuima pamaso pa anzawo a Mvano n'kufotokoza za lumbiro la zaka khumi ndi chimodzi. Millie mwini anataya mkwiyo umene anausunga zaka zitatu, ndipo anadabwa kupeza kuti pamalo pake sipanatsale dzenje.

Zotsala zinali izi: botolo lodzaza kupitirira theka, titsitsi tiwiri tomangidwa m'kansalu koyera, ndi mayi ake atatsamira khoma, bulauzi ya Mvano itamasulidwa mabatani atatu, Diana ali mkati, akugona.